Achimwene akuti ubatizo wa amayi si ubatizo, ndithandizeni

Mlongo_waChibavi
Abale ndi alongo, pagulu lino ndimangowerenga, koma lero ndalephera kupirira. Amayi anga ali ndi zaka 71. Anabatizidwa ali khanda ku Mvera, kwathu ku Dowa, analowa kalasi ali mtsikana, ndipo chibwerereni kuno ku Mzuzu ndi malemu bambo akhala akuvala yunifolomu ya Umanyano, ija kwathu timati Chigwirizano. Achimwene anga oyamba kubadwa anasamukira ku mpingo wina chaka chatha. Sitinawaletse, ndipo kunena zoona anasintha: mowa anasiya, ndalama ikufika pakhomo, alamu ayambanso kuseka. Koma Lachisanu madzulo anabwera kunyumba n'kuwauza amayi kuti madzi anawazidwa pamutu aja si ubatizo, akapanda kumizidwa kumwamba sakalowa. Anawonjeza kuti poti sanalankhulepo malilime ndiye kuti Mzimu Woyera alibe.

Amayi sanayankhe. Ananyamuka n'kukathira makala pa mbaula pamene nsima inali itaphikidwa kale. Usiku ndinawamva akutsegula sutikesi, m'mawa ndinapeza khadi lawo la mpingo, lija lakale long'ambika m'mphepete, lili pa tebulo pambali pa Baibulo. Anandifunsa kuti, "Iwe, zaka zonsezi ine ndimangotaya nthawi?" Lamulungu sanapite ku tchalitchi, akuti mutu.

Sindikufuna kunyoza mpingo wa wina aliyense. Ndikufuna kudziwa: ndi ziti zimene munthu akazikana ndiye kuti wachoka mwa Khristu, nanga ndi ziti zimene tingasiyane koma n'kukhalabe abale?

WaKabaza_Luwinga
Pepani chemwali. Achimwene anuwo muwafunse za wachifwamba uja wa pa Luka 23. Anatsika pamtanda nthawi yanji kukamizidwa?

Lunyangwa77
A Kabaza, wachifwambayo musamuthamangire. Iye analibe mpata, ife tili nawo. Ambuye anabatizidwa mu Yorodano. Mdindo wa ku Itiyopiya pa Machitidwe 8 anatsikira m'madzi limodzi ndi Filipo. Aroma 6 akuti mu ubatizo timaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, ndipo maliro sitiika pongowaza kadothi pamphumi. Ine ndinawazidwa ndili mwana, ndinamizidwa ndili ndi zaka 26 nditawerenga ndekha, ndipo sindinong'oneza bondo.

Moto_Wosazima
Choonadi chimawawa. M'Mawu a Mulungu mulibe chachikulu ndi chaching'ono. Mukayamba kusankha lero, mawa mudzataya Baibulo lonse.

Mkulu_waMpingo_Katoto
A Moto, mantha anuwo ndikuwamva ndipo si opanda pake. Koma amene anayamba kunena kuti zina n'zolemera kuposa zinzake si ife, ndi Ambuye Yesu mwini. Pa Mateyu 23:23 akudzudzula Afarisi kuti amapereka chakhumi cha timbewu ta m'dimba koma asiya zolemera za chilamulo, chiweruzo cholungama, chifundo ndi chikhulupiriro. Sananene kuti chakhumicho n'chachabe, ayi. Anati izi mukanachita, izonso osazisiya. Koma kulemera kwake n'kosiyana. Paulo naye pa 1 Akorinto 15 akuti pali chimene anapereka poyamba pa zonse: Khristu anafera machimo athu, anaikidwa m'manda, anauka tsiku lachitatu. Ndipo akuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chopanda pake. Mawu olimba chotere sanawanene pa za zakudya kapena za masiku. Pa Aroma 14 akuti wina amadya zonse, wina masamba okha, wina amalemekeza tsiku lina, wina amaona masiku onse mofanana, ndipo aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake, osaweruza kapolo wa mwini.

Chimene chinanditsegula maso ine ndi nkhani ya mdulidwe. Pa Machitidwe 16:3 Paulo yemweyo akumudula Timoteyo chifukwa cha Ayuda a m'deralo. Pa Agalatiya 2 akukanitsitsa kuti Tito adulidwe, ndipo pa mutu 5 akuwauza Agalatiya kuti akalola kudulidwa Khristu sawapindulira kanthu. Munthu mmodzi, mpeni womwewo, mayankho awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Timoteyo unali mwambo wothandiza ntchito, pamene kwa Tito anthu ankati popanda ichi sungapulumuke. Kanthu kakang'ono mukakaika pakhomo la chipulumutso kasanduka uthenga wina.

Ndiye a Mlongo, kuti achimwene anu amakhulupirira za kumiza, ine ndilibe nawo mlandu. Akhristu enieni ambirimbiri amakhulupirira choncho. Pamene alakwa ndi ponena kuti amayi sakalowa. Pamenepo achotsa mwazi wa Yesu n'kuikapo kuchuluka kwa madzi.

Lunyangwa77
Apa ndiye ndikugwirizana nanu a Mkulu. Ine ndimati kumiza ndi kumvera, sindinanene kuti ndi tikiti. Agogo anga anamwalira ali owazidwa ndipo sindikayika kumene ali.

Moto_Wosazima
Nanga Marko 16:16? Wokhulupirira ndi kubatizidwa adzapulumuka.

WaKabaza_Luwinga
Malizani vesilo bwana. Wolangidwa akuti ndi wosakhulupirira. Ndiponso amayiwa anabatizidwa, nkhani ndi ya kabatizidwe kake.

Wophunzira_Zaumulungu
Ndiwonjezeko za mbiri pang'ono, chifukwa funso la a Mlongo si lachilendo. Pali kabuku kakale kwambiri ka Akhristu oyambirira kotchedwa Didache. Pa za ubatizo kamati batizani m'madzi oyenda, ngati palibe gwiritsani ntchito madzi ena, ndipo ngati madzi ndi osakwanira thirani pamutu katatu m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Taonani pamene anaumirira ndi pamene anafewa. Dzina sanalisinthe, madzi anati zionani mmene zilili.

Pamene mpingo wakale unaimirira osasuntha ndi pa funso lakuti Yesu ndi ndani. Wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa, kuti inalipo nthawi imene kunalibe Mwana. Mabishopu anakumana ku Nicaea m'chaka cha 325 n'kukana chiphunzitsocho, ndipo ku Constantinople mu 381 anatsimikizanso, n'kuwonjezera za Mzimu Woyera. Chifukwa chake chinali chomveka: ngati Yesu ndi cholengedwa ngati ife, sangatipulumutse, ndipo kumupembedza kungakhale kupembedza fano. Lero Akatolika ku St Peter's, a CCAP ku St Andrew's ndi ku Katawa, Aangilikani ndi mipingo yambiri ya chipentekoste onse avomereza Utatu, kuti Mulungu ndi mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, Yesu ndi Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, anafa, anauka, adzabweranso kudzaweruza.

Koma mbiri ili ndi zomvetsa chisoninso. Mu 1529 Luther ndi Zwingli, atsogoleri a Chipulotesitanti, anakumana ku Marburg, ku Germany. Pa mfundo 15 anagwirizana 14, yotsalayo inali ya mgonero, ngati thupi la Khristu lilimodi mu mkate. Analekana osagwirizana, ndipo mipingo yawo inayenda payokhapayokha zaka mazanamazana.

Chiputula_Boy
Zonsezo ndi za azungu. Ife tikufuna Baibulo basi.

Wophunzira_Zaumulungu
Achimwene, Arius ankatumikira ku Alexandria, ku Iguputo. Athanasius amene analimbana ndi chiphunzitso chake moyo wake wonse anali bishopu wa mzinda womwewo. Mkanganowo unayambira mu Africa muno, zaka mazanamazana a Laws, mmishoni wa ku Livingstonia uja, asanabadwe ku Scotland.

Gogo_waZolozolo
Ana inu, mkangano wa madziwu kuno kumpoto ndi wakale. Amishoni a ku Livingstonia sankabatiza msanga, munthu ankakhala m'kalasi zaka, kuyesedwa ndi kuyesedwanso. Elliot Kamwana atabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower mu 1908 anayamba kumiza anthu kwa Atonga ku Nkhata Bay popanda kudikira konseko, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu zikwizikwi mpaka boma la atsamunda linamuchotsa mu 1909. Mabanja anagawikana nthawi imeneyo monga likugawikana banja la mwana wathuyu lero. Koma kumbukiraninso kuti mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP, ndipo mu 1926 a Nkhoma, ochokera ku mpingo wa Dutch ku South Africa, analowa nawo. Zilankhulo zosiyana, miyambo yosiyana, nyimbo zosiyana. Amayi akewa ndi umboni: anabatizidwa ku Mvera, akudya mgonero ku Mzuzu, palibe anawabatizanso.

Mayi_waSabata
Ndakhala chete koma ndiyankhule, chifukwa nkhani zotere zikayamba Aroma 14 amaponyedwa kwa ife. A Mkulu, kwa ine Sabata si kanthu kakang'ono. Lili m'malamulo khumi, pakati pa lamulo la dzina la Mulungu ndi la kulemekeza makolo. Ndinasiya ntchito ya m'sitolo ina mtauni muno chifukwa abwana anakana kundimasula Loweruka, ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikugulitsa tomato ndi kabichi ku Zigwagwa. Munthu akandiuza kuti ndinavutikira zinthu zosafunika, amandipweteka. Ndiye funso langa ndi ili: amene amalemba mndandanda wa zazikulu ndi zazing'ono ndi ndani? Chifukwa aliyense amaika zake pa zazikulu, za mnzake pa zazing'ono.

Mkulu_waMpingo_Katoto
Amayi, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilizemba. Poyamba ndikonze mawu. Sindikunena kuti zosafunika. Munthu amene wataya ntchito chifukwa cha chikumbumtima chake pamaso pa Mulungu ine ndimamuvulira chipewa, ndipo Aroma 14 yemweyo akuti chimene sichichokera m'chikhulupiriro ndi tchimo, kutanthauza kuti inu mukanagwira ntchito Loweruka mtima ukukutsutsani mukanachimwa. Koma ndikufunseni ine: mukandiona Lamulungu m'mawa ndikupita ku tchalitchi ndi jekete langa, mumati uyu ndi wotayika?

Mayi_waSabata
Ayi abambo. Ndimati uyu ndi m'bale amene pa nkhani iyi sanaone bwino. Woweruza ndi Mulungu. Mwana wanga atagonekedwa ku chipatala mwezi wathunthu, amene ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse anali mayi wa Chikatolika woyandikana naye nyumba, kolona ali m'khosi. Tinkagwada limodzi pambali pa bedi. Sindingatsegule pakamwa kunena kuti mayi ameneyo sadziwa Yesu.

Mkulu_waMpingo_Katoto
Ndiye mwayankha nokha. Ine ndimaona ngati nkhanizi zili pamitundu itatu, osati iwiri. Pali zimene zimapanga munthu kukhala Mkhristu. Pali zimene n'zazikulu ndithu moti sitingathe kukhala mpingo umodzi, monga tsiku lopembedza, ubatizo wa ana, kayendetsedwe ka mpingo, pakuti mpingo umodzi sungabatize ana n'kukananso kubatiza ana. Pamenepa timapemphera m'nyumba zosiyana koma pamaliro timayimba limodzi. Ndiye pali zimene anthu a pa benchi imodzi angasiyane, monga ng'oma m'tchalitchi kapena mmene zinthu zidzayendere Ambuye asanabwere. Za amene amalemba mndandanda, ine sindidalira mutu wanga. Ndimayang'ana chimene Malemba akuchimangirira ku chipulumutso poyera, ndi chimene Akhristu a mibadwo yonse agwirizanapo. Mutu umodzi susenza denga.

Telala_waMasasa
Poti mwatchula za benchi imodzi, nanga thalauza? Mtsikana wanga anabwezedwa pakhomo la tchalitchi mu Julaye, kuzizira kuja kwa kuno, chifunga chili tolo, atavala thalauza mkati ndi chitenje pamwamba. Anamuwerengera Deuteronomo 22:5. Mpaka lero sanabwerereko.

Namwino_waUsiku
Ambiri saona kuti za thalauzazi zinalimba chifukwa cha lamulo la boma. Kuyambira 1973 mpaka 1993 mkazi kuvala thalauza pagulu m'Malawi muno unali mlandu. Amayi athu anakula choncho, ndiye mwambo ndi Malemba zinasakanikirana. Nthawi ya Mose amuna omwe sankavala mathalauza.

Moto_Wosazima
Kuvala modzilemekeza kulinso m'Baibulo, 1 Timoteyo 2:9. Musatiuze kuti chilichonse n'chololedwa.

Telala_waMasasa
Ndani wanena chilichonse? Ine ndimasoka zovala tsiku lililonse, ndimadziwa siketi imene imaonetsa zambiri kuposa thalauza. Mwanayo anali atafunda bwinobwino.

Chiputula_Boy
Nanga mlamba ndi nkhumba? Pamaliro a amalume tinachita kuphika miphika iwiri.

Mayi_waSabata
Ndipo munachita bwino. Ife sitidya, Levitiko 11, koma sitinaletse inu. Miphika iwiri si udani.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za zovala ndi ndiwo titsegulire tsiku lake. Mlongo wathu ali ndi mayi amene sakugona. Tibwerere kumeneko.

Namwino_waUsiku
Ndibwerera, koma ndiloleni ndinene chimodzi, chifukwa ndikuopa kuti tingachoke pano tikuganiza kuti kupatula Utatu zina zonse n'zongosiyana maganizo. Ndinasamalirapo bambo wina, wazaka za m'ma 40, amene anali pa ma ARV zaka zambiri ali bwinobwino, akugwira ntchito yake ya ukalipentala. Anapita kwa munthu wina wodzitcha mneneri, anagula kabotolo ka madzi odzozedwa, anauzidwa kuti wachira ndipo kumwanso mankhwala ndi kusakhulupirira. Anabwera kwa ife patatha miyezi ingapo atanyamulidwa, milomo itauma, kabotoloko kali m'thumba la shati. Mkazi wake ankangoti, "Anatiuza kuti tisakayike." Sanatuluke wamoyo.

Mneneri ameneyo mutamufunsa ngati Yesu ndi Mulungu angavomere mofuula. Chikhulupiriro cha Atumwi angachinene pamtima. Koma akugulitsa chisomo m'botolo ndipo anthu akufa. Kwa ine chimenecho si chachiwiri. Simoni uja wa pa Machitidwe 8 atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro sananene kuti tasiyana maganizo chabe.

Wophunzira_Zaumulungu
Anamwino mwakhudza penipeni. Zazikulu si ziganizo zongoloweza. Kuti chipulumutso ndi mphatso yaulere, Aefeso 2:8 ndi 9, ndi chimodzi mwa zazikuluzo, ndipo wochigulitsa wachikana ngakhale pakamwa pake akuchivomereza. N'chimodzimodzi wonena kuti kuba, chigololo kapena kumenya mkazi ndi nkhani zazing'ono poti iye amakhulupirira zoona. Kalata yoyamba ya Yohane imayesa munthu pa zitatu: akuti chiyani za Yesu, akumvera kodi, akukonda abale kodi.

Moto_Wosazima
Apa ndiye mwayamba kulankhula. Chimene ndimakana ine ndi Chikhristu chakuti bola umakhulupirira, khala mmene ufunira.

Mlongo_waPentekoste
A Moto, ine ndi inu mwina timapemphera kofanana, ndiye ndilankhule ngati wa m'nyumba. Ndimalankhula malilime ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma kuuza mayi wa zaka 71, amene walera ana m'mapemphero, amene wagona pa simenti m'maliro a anthu osawadziwa n'komwe, kuti alibe Mzimu, kumeneko ndi kulakwa. 1 Akorinto 12:3 akuti palibe anganene kuti Yesu ndi Ambuye popanda Mzimu Woyera. Kumapeto kwa mutu womwewo Paulo akufunsa ngati onse amalankhula malilime, ndipo yankho lake n'lodziwikiratu. Ngakhale kwathu abusa amaphunzitsa kuti malilime ndi mphamvu ya utumiki, osati chitupa cholowera kumwamba. Ndipo zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5, chikondi, kuleza mtima, chifatso, a Mlongo atiuze ngati mwa amayi awo mulibe. Munthu wonyozedwa ndi mwana wake wobala yekha n'kungonyamuka kukathira makala pa mbaula, chifatso chimenecho chachokera kuti?

Ndinenenso za achimwenewo. Ine ndinachitapo zomwezo nditangotembenuka. Ndinawauza bambo anga kuti nyimbo za m'buku ndi zakufa. Munthu ukangotuluka m'matope umafuna aliyense adutse njira yomwe wadutsa iwe, ndipo umaopa kuti okondedwa ako atsala. Si chidani, ndi mantha osakanikirana ndi chikondi chosaphunzitsidwa. Musawatenge ngati mdani.

Gogo_waZolozolo
Mwana wanga wa ku Chibavi, chibale ndi fupa, sichiola. Usapite kwa mkulu wako ndi mavesi ngati miyala. Uyambe wamuthokoza kuti anasiya mowa, umufunse kuti anamusiyitsa ndani. Akati Yesu, umufunse kuti amene ankamutchula dzina m'pemphero usiku uliwonse zaka zonse ankamwa zija anali ndani. Ukatero usiye, usawonjezere. Ndipo amayi ako usawasiye ndi funso lija. Uwafunse kuti akudalira chiyani, khadi lija kapena Yesu. Ndikudziwa chimene adzayankhe, koma akufunika adzimve okha akuchinena.

Lunyangwa77
Ndiwonjezere ichi ngati womizidwa. Ngati tsiku lina amayi atawerenga okha n'kufuna kumizidwa, musawaletse. Koma asalowe m'madzi chifukwa choopsezedwa. Ubatizo wa mantha si umene ine ndimaukhulupirira.

Moto_Wosazima
Ine pa kumiza sindisuntha. Koma zakuti sakalowa, ndavomera, si ine wogwira makiyi.

Mlongo_waChibavi
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo usiku ndinachita monga ananenera agogo. Ndinawafunsa amayi kuti akadzaima pamaso pa Mulungu adzaonetsa chiyani. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndilibe choonetsa, koma Iye amene anandifera." Atatero anayamba kunena Chikhulupiriro cha Atumwi m'Chichewa cha ku Nkhoma chimene anaphunzira m'kalasi ali mtsikana, mpaka kumapeto osaphonya, misozi ikutsika. Khadi lija alibweza mu sutikesi. M'mawa uno andituma makala a m'simbi, akuti bulauzi yoyera ija yakwinyika.

Achimwene ndawaimbira. Sindinatchule vesi lililonse, ndangoti amayi sanadye bwino chichokereni inu. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati mankhwala awo a BP alipo. Akuti abwera Loweruka madzulo ndi alamu. Za malilime ndi za madzi sanabweze mawu, ndipo sindikudziwa ngati adzabweze. A Mlongo_waPentekoste, ngati mungakhale ndi mpata Lowerukalo ndikanakonda mukanakhalapo, mwina angamve bwino kwa munthu wa mbali yawo. Ndikutumizirani uthenga kumbali.

Mlongo_waPentekoste
Tumizani. Ndimaweruka 4 koloko, ndikwera njinga kuchokera ku Mchengautuwa. Muwauze amayi asavutike ndi kuphika, ndibwera ndi usipa wa ku Nkhata Bay.